Kuyezetsa magazi a malungo a nkhufi mutayamba kale makapisozi: zimene malabotale a ku Tete angathe ndi zimene sangathe

Munthu akachoka ku Domué kapena ku Furancungo ndi ndalama ya mbatatesi m'thumba, n'kukwera chapa mpaka mumzinda wa Tete kuti "akamuyeze magazi onse", nthawi zambiri amakhala atadutsa m'njira yodziwika. Thupi linatentha masiku atatu, mutu ukuwawa ngati ung'ambika, msana ndi mawondo zikuphwanya. Kuchipatala chaching'ono anamubaya chala, TDR, kachipangizo koyezera malungo mwachangu, inatulutsa kamzere kamodzi, anamuuza kuti malungo mulibe. Anagula amoxicillin kapena anachita kupatsidwa, anamwa masiku awiri kapena atatu, thupi linazizira. Patatha sabata zinayambiranso. Apa ndi pamene wina m'banjamo amakumbukira nkhufi za m'ming'alu ya khoma, kapena nkhupakupa imene anaichotsa m'mphechepeche pochokera kubusa.

Tikuunika ntchito imene munthu wotereyu amaipeza: kuyeza magazi pofuna tizilombo tochokera kwa nkhufi ndi nkhupakupa, pamene mankhwala opha mabakiteriya ali kale m'thupi. Maganizo athu tinene poyambirira. Mwa zonse zimene zilipo m'chigawo chino, chothandiza kwambiri pa malungo a nkhufi ndi kagalasi ka magazi kooneredwa pa maikulosikopu, kotchipa kuposa zonse, koma kamagwira ntchito pokhapokha magazi atatengedwa thupi likutentha ndiponso piritsi loyamba lisanamezedwe. Zoyeza zodula za m'malabotale olipira zili ndi malo ake, koma zambiri zimagulidwa pa tsiku lolakwika, ndipo pepala limene zimatulutsa limawerengedwa molakwika.

Matenda ake ndi awiri, ndipo sayezedwa mofanana

Oyamba ndi malungo obwerezabwereza a nkhufi. Nkhufi ndi kachilombo kofewa, kotuwa ngati dothi, kamene asayansi amati Ornithodoros moubata. Kamakhala m'ming'alu ya makoma a dothi, pansi posazira bwino, pansi pa mphasa ndi m'makola a nkhumba. Mtundu womwewu ndi umene umasunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba. Kamatuluka usiku, kamayamwa kwa mphindi zosapitirira 30 n'kubwerera kumng'alu, choncho ambiri sadziwa n'komwe kuti analumidwa. Bakiteriya amene kamapatsira ndi Borrelia duttonii, wopyapyala ndi wopotana ngati ulusi wa thumba. Dzinali linachokera kwa Joseph Everett Dutton, dokotala wa ku England amene anamwalira ku Congo mu 1905 akufufuza matendawa. Si nkhani yachilendo kuno: David Livingstone, amene anafika ku Tete mu 1856, analemba za malungo obwera munthu akalumidwa ndi kachilomboka.

Matendawa amayamba patatha pafupifupi sabata chilumidwireni, ngakhale zimatha kukhala masiku 4 mpaka 18. Thupi limatentha masiku atatu kapena kuposerapo pang'ono, kenako thukuta lambiri, n'kuzizira. Padutsa sabata munthu akulima bwinobwino, kenako zibwereranso. Chimachititsa n'chakuti Borrelia amasintha mapuloteni a pakhungu pake. Asilikali a m'thupi akangozolowera mtundu woyamba n'kuupha, otsala ochepa amene asintha kale amaswana mpaka kudzazanso magazi. Pa nthawi yotentha thupi amakhala ochuluka zedi m'magazi. Pa masiku ozizira amakhala ochepa moti maikulosikopu sawapeza.

Achiwiri ndi malungo a nkhupakupa ya kutchire, makamaka ija yamawangamawanga yokhala pa ng'ombe ndi mbuzi, yotchedwa Amblyomma. Bakiteriya wake ndi Rickettsia africae. Uyu sayandama m'magazi ngati Borrelia. Amabisala m'kati mwa maselo a m'makoma a timitsempha. Chizindikiro chake chili pakhungu: kachilonda kokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, kofiira m'mbali, ngati pamene pagwera khala la moto. Nthawi zambiri timakhala tiwiri kapena titatu, m'mphechepeche, m'khwapa, kuseri kwa bondo, m'chiuno modutsa lamba, ndipo pafupi pake pamatupa mwanabere. Malungo amayamba patatha masiku 5 mpaka 10.

Kusiyana kumeneku ndi kumene kumalamula china chilichonse chotsatira.

TDR

Pa iyi palibe chonena chambiri. TDR imafuna puloteni ya tizilombo ta malungo a udzudzu basi. Borrelia ndi Rickettsia siiwaona, kaya mwamwa mankhwala kaya simunamwe. Ntchito yake imaigwira bwino, ndipo aliyense wotentha thupi ayenera kuyamba nayo chifukwa malungo a udzudzu amapha msanga. Misampha yake ndi iwiri. Kamzere kachiwiri kamatha kuonekabe kwa masabata angapo malungo atachira kale, ndiye munthu wa nkhufi amene anadwala malungo mwezi watha amapatsidwanso Coartem. Ndipo Coartem amamwedwa masiku atatu, omwenso ndi masiku amene malungo a nkhufi amazizira okha. Aliyense amakhulupirira kuti mankhwala agwira. Sabata yotsatira zikabwerera, amati malungo osamva mankhwala, pomwe Coartem sanakhudzeko Borrelia ngakhale mmodzi.

Kagalasi ndi maikulosikopu

Malabotale a zipatala zazikulu monga Hospital Rural de Ulónguè ndi Hospital Provincial de Tete, komanso zipatala zina za m'maboma, ali ndi zonse zofunika: magalasi, utoto wa Giemsa, mafuta ake ndi maikulosikopu. Palibe makina atsopano ofunika kugula. Borrelia amaoneka pa kagalasi komweko kamene amaonerapo malungo a udzudzu. Vuto ndi lakuti diso limapeza chimene lauzidwa kufuna. Woyeza akapatsidwa pepala lolembedwa kuti afufuze plasmódio, tizilombo ta malungo a udzudzu, amayang'ana timphete ting'onoting'ono ta malungo, akapanda kutiona amalemba kuti mulibe. Borrelia ali kunja kwa maselo ofiira, m'mipata, ndipo utoto amautenga mopepuka. Kamzere kotuwirako kopindikapindika kamadutsa m'maso ngati kachitsotso. Choncho wolemba pepala la kulabotale alembe mawu akuti "pesquisa de Borrelia", kutanthauza kufufuza Borrelia. Popanda mawu amenewa, ndiye kuti ntchitoyo simunaipemphe.

Kapangidwe kabwino kali chonchi. Magazi atengedwe thupi lili pa madigiri 38 kapena kupitirira, makamaka pamene kutentha kukukwera, osati thukuta litayamba kutuluka. Abaye chala chapakati kapena chotsatira, dontho loyamba alipukute. Apange magalasi a mitundu iwiri. Loyamba ndi dontho lokhuthala, lofalitsidwa mozungulira pafupifupi sentimita imodzi, lokhuthala mwakuti zilembo za nyuzi zikuonekerabe pansi pake. Liume chogona, kwa mphindi 20 mpaka 30, kutali ndi ntchentche ndi fumbi, ndipo lisakhudzidwe ndi methanol. Lachiwiri ndi lopyapyala, lokokedwa ndi galasi lina, ndipo ili ndilo limaviikidwa mu methanol likauma. Giemsa asungunulidwe tsiku lomwelo ndi madzi a pH (mlingo wa asidi m'madzi) 7.2. Wa 10 peresenti amatenga mphindi 10 mpaka 15. Wa 3 peresenti amatenga mphindi 45 mpaka 60, ndipo kwa tizilombo topyapyala ngati iti, njira yochedwayi imaonetsa bwino. Kenako aone ndi diso la maikulosikopu lokulitsa ka 100, lothira mafuta, malo osachepera 200 asananene kuti mulibe.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Kutentha kwa mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumafika madigiri 40, kumawotcha dontho lokhuthala likasiyidwa pazenera. Maselo ofiira amauma n'kumatirira, saphulikanso mu utoto, ndiye galasi lonse limada, osaona kanthu. Ku Angónia ndi ku Tsangano nyengo yozizira vuto limatembenuka: dontho limachedwa kuuma, wofulumira akaliika mu utoto limasendeka n'kupita ndi madzi. Madzi a pamjigo osayezedwa pH amasintha mtundu wa utoto. Giemsa wogona amasiya timizere ta nsenga tofanana ndi tizilombo. Palinso chinyengo china chimene ngakhale odziwa ntchito chimawapusitsa: magazi a munthu wa malungo a udzudzu akakhala nthawi yaitali m'kabotolo asanapakidwe pagalasi, tizilombo tatimuna ta malungo timatulutsa timichira tomwe timaduka n'kuoneka ngati Borrelia. Borrelia weniweni ndi wotalika mamaikuromita 10 mpaka 30, kutanthauza kutalika kwa selo lofiira limodzi ndi theka mpaka maselo anayi ondandalika, ndipo mapindo ake ndi otakasuka, osalingana.

Woyeza wachangu angathenso kudontheza magazi aawisi pagalasi, kuvundikira ndi kagalasi kopyapyala, kuchepetsa kuwala n'kuona ndi diso la 40. Borrelia wamoyo amazungulira ngati chotsegulira botolo, ndipo maselo ofiira oyandikana naye amagwedezeka. N'zofulumira, koma sizilowa m'malo mwa Giemsa.

Ngakhale zonse zitachitidwa bwino, thupi likutentha, kagalasi kamapeza odwala pafupifupi 7 mwa 10. Pamafunika tizilombo tokwana cha m'ma 100,000 mu mililita imodzi ya magazi kuti tioneke mosavuta pa galasi lopyapyala. Ndiye galasi limodzi likalephera, n'kwanzeru kubwereza thupi likadzatenthanso.

Makapisozi akalowa

Borrelia ndi wofooka ku mankhwala ambiri. Penicillin, amoxicillin, ceftriaxone, erythromycin, tetracycline ndi doxycycline onse amamupha. Piritsi loyamba likalowa, m'maola ochepa chiwerengero chake m'magazi chimagwa pansi pa mlingo woonekera, ndipo pofika mawa lake kagalasi kamakhala koyera. Kuyera kumeneku sikutanthauza kuti munthuyo sanadwale nkhufi, ndiponso sikutanthauza kuti wachira. Makapisozi anayi ogula pamsika amakwanira kubisa tizilombo koma sakwanira kutimaliza, chifukwa tina timatsala mu ubongo ndi ziwalo zina. Ndi chifukwa chake mankhwala ake amaperekedwa masiku 7 mpaka 10, osati kamodzi.

Pano ndi pamene ntchito ya malabotale ambiri, aboma ndi olipira omwe, imatigwiritsa mwala. Mapepala opemphera kuyeza amafunsa dzina, zaka ndi kumene mukukhala, koma sachedwa kusowa malo olembapo zinthu zitatu zimene zimapereka tanthauzo ku zotsatira: kutentha kwa thupi pa mphindi yotenga magazi, dzina la mankhwala amene munthu akumwa, ndi ola limene anamwa komaliza. Mawu akuti "negativo" pa magazi otengedwa thupi lili pa 39 musanamwe kanthu ndi umboni wolemera. Mawu omwewo pa magazi otengedwa tsiku lachitatu la amoxicillin thupi litazizira alibe kulemera kulikonse. Koma papepala amaoneka chimodzimodzi, ndipo wodwala amapita nalo kwawo ngati chiphaso.

Popeza pepala silifunsa, nenani nokha pawindo. Mayi wobwera ndi mwana anganene kuti: "Pepani bambo, mwanayu wayamba amoxicillin Lachiwiri madzulo, womaliza wamwa lero cha m'ma 6 m'mawa. Aka n'kachiwiri kutentha thupi, koyamba kunali masabata awiri apitawo. Kunyumba kuli nkhufi." Tengani kapepala ka mankhwalawo kapena kabotolo kake, chifukwa "makapisozi ofiira ndi achikasu" angakhale amoxicillin, angakhalenso tetracycline, ndipo pa nkhani ya Rickettsia awiriwa ndi osiyana ngati usana ndi usiku.

Rickettsia samva amoxicillin, penicillin kapena ceftriaxone. Samvanso cotrimoxazole, Bactrim uja amene ambiri omwa ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala a gulu la sulfa amadziwika kuti amatha kukulitsa matenda a Rickettsia. Choncho munthu amene wamwa amoxicillin masiku anayi thupi osazizira, ali ndi nkhanambo yakuda m'mphechepeche, wapereka kale yankho popanda labotale. Chimene chimamugwira ndi doxycycline, mamiligalamu 100 kawiri pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo thupi limazizira m'masiku awiri kapena atatu.

Funso limene limabwera kawirikawiri n'lakuti, kodi ndisiye mankhwala masiku angapo kuti magazi akaonetse? Ayi. Ngati wachipatala wakuyambitsani doxycycline, malizani. Kusiya pakati kuti tizilombo tibwerere ndi kuika moyo pachiswe pofuna pepala, makamaka kwa mayi woyembekezera, amene malungo a nkhufi amamuchititsa kupita padera kapena kubereka mwana wosakwana masiku. Chimodzimodzinso, wodwala kwambiri asadikire zotsatira kuti ayambe mankhwala. Kubaya chala n'kupaka magalasi awiri kumatenga mphindi zisanu. Achite zimenezo, adzaze kabotolo kamodzi ka chivundikiro chapepo ndi magazi odzayezedwa pambuyo pake, kenako mankhwala alowe.

Piritsi loyambalo limwedwe pachipatala, osati m'chapa pobwerera. Borrelia akamafa ambiri nthawi imodzi, thupi limatha kuchita chimene madokotala amati Jarisch-Herxheimer: patatha ola limodzi mpaka maola anayi munthu amanjenjemera kwambiri, kutentha kumakwera, mtima umathamanga, kenako kuthamanga kwa magazi kumatsika mpaka kukomoka. Achibale amaganiza kuti mankhwala amukana n'kumusiyitsa. Si kukanidwa ndi mankhwala. Chofunika ndi kugona pansi pa diso la namwino kwa maola osachepera anayi mpaka asanu ndi limodzi, diripi ili pafupi. Ndipo kwa amene anamwa makapisozi kunyumba n'kuchita zimenezi usiku woyamba, mbiri imeneyo ikafotokozedwe kwa dokotala, chifukwa imaloza Borrelia kuposa kagalasi kotengedwa mochedwa.

Malabotale olipira

Mumzinda wa Tete muli malo olipira amene amatenga magazi mwaukhondo, mzere waufupi, ndipo zoyeza zosavuta amatulutsa tsiku lomwelo. Zovuta ngati za nkhufi ndi nkhupakupa kawirikawiri zimatumizidwa kwina, ku Maputo kapena ku South Africa. Ndiye chimene mukugula kwenikweni ndi ulendo wa kabotolo, ndipo ubwino wa ntchito yonse wagona pa ulendowo.

Hemograma, kuwerenga maselo a magazi ndi makina, ndi yothandiza ndipo mankhwala saisokoneza msanga. Makinawo saona Borrelia, koma amaonetsa kuchepa kwa timaselo toundanitsa magazi, mapulateleti. Mlingo wake wabwino ndi 150,000 mpaka 450,000 mu maikurolita imodzi, ndipo pa malungo a nkhufi amatsika kwambiri. Malungo a udzudzu amawatsitsanso, choncho ndi chizindikiro chabe. Koma mapulateleti otsika, TDR yopanda kanthu ndi malungo obwereza, zitatuzi pamodzi zimakwanira kuti dokotala aganize za nkhufi.

Hemocultura, kumeretsa mabakiteriya m'botolo, n'njabwino pa typhoid. Pa matenda awiriwa ndi kutaya ndalama. Borrelia amafuna chakudya chapadera chimene sichipezeka m'mabotolo wamba, ndipo Rickettsia samera kunja kwa maselo amoyo.

Mwa zoyeza zofuna kachilombo kenikeniko, njira ya makina yotchedwa PCR ndiyo yokha imene imasiyako mpata kwa womwa kale mankhwala, chifukwa imafuna DNA ya kachilombo, kamoyo kapena kakufa kumene, ndipo imapeza ngakhale tochepa kwambiri moti imatha kugwira Borrelia pa masiku ozizira. Koma mpatawo ndi waufupi. Tsiku loyamba kapena lachiwiri la mankhwala mwayi ulipo, pofika lachinayi kapena lachisanu wachepa zedi. Magazi ake ndi mamililita 2 mpaka 4 m'kabotolo ka EDTA, ka chivundikiro chapepo, kotembenuzidwa pang'onopang'ono kasanu ndi katatu kuti magazi asaundane. Ka chivundikiro chobiriwira kali ndi heparin, amene amalepheretsa PCR, ndipo kulakwitsa kumeneku kokha kumatha kutulutsa "negativo" wabodza. Kabotolo kakhale pa madigiri 2 mpaka 8 ulendo wonse. Kuchoka ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita opitirira 200, kuchoka ku Tete kufika ku Maputo pamsewu ndi opitirira 1,500, ndiye funsani ngati kakuyenda pandege kuchokera ku Chingodzi ndiponso tsiku liti. Magazi otengedwa Lachisanu masana amene adikire mpaka Lolemba mu firiji yodalira magetsi ozimazima si ofanana ndi otengedwa m'mawa wa tsiku lotumiza. Ena amafunsa za makina a GeneXpert amene ali m'maboma. N'zoona kuti ndi PCR, koma amayeza zimene zili m'katiriji yake, monga TB, ndipo ya nkhufi kapena nkhupakupa kulibe.

Pa Rickettsia, PCR ya magazi imalephera kawirikawiri ngakhale musanamwe kanthu, chifukwa kachilomboka sikakhala m'magazi oyenda. Malo oyenera ndi kachilonda kaja. Atsuke ndi madzi amchere a kuchipatala, atukule nkhanambo, azunguze kathonje kouma pansi pake mwamphamvu kangapo, kenako kathonjeko ndi nkhanambo yomwe aziike m'kabotolo kouma kopanda mankhwala. Ubwino wake ndi wakuti DNA imakhalitsa m'chilondamo kwa masiku angapo doxycycline atayamba kale. Kwa munthu amene ali pa mankhwala, iyi ndi njira yoposa zonse, koma malo otengera magazi sakonda kuitchula chifukwa anazolowera singano ndi mtsempha. Musapake mafuta odzola, Jik kapena phulusa pa chilondacho musanapite, ndipo nkhanambo musaitaye. Nkhupakupa yomwe munachotsa, ngati ilipo, ikani m'kabotolo mupite nayo. Siitsimikizira matenda, koma imauza dokotala mtundu wake.

Kuyeza asilikali a m'thupi

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimathera pachabe. Serologia siyeza kachilombo. Imayeza ma antibody, IgM ndi IgG, amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo thupi limatenga nthawi. Pa Rickettsia africae limachedwa kuposa pa abale ake: ma antibody amayamba kuoneka cha m'ma sabata yachinayi chiyambireni kudwala. Magazi otengedwa tsiku lachisanu la malungo amatuluka opanda kanthu pafupifupi nthawi zonse, munthu akudwaladi. Doxycycline woyambidwa msanga amathanso kupha tizilombo thupi lisanaphunzire bwino, ndiye ma antibody amakwera pang'ono kapena osaoneka n'komwe. Uku si kuipa kwa mankhwala. Munthu wachira, pepala lokha ndilo lasowa cholemba.

Mbali inayo nayo ndi yovuta. M'busa wa ku Macanga kapena mlimi wa ku Chifunde amene wakhala akulumidwa ndi nkhupakupa kuyambira ali mwana akhoza kukhala ndi IgG chaka chonse ali bwinobwino. "Positivo" mmodzi mwa munthu wotere amangonena kuti anakumana nako kale, mwina zaka zisanu zapitazo. Umboni weniweni umafuna magazi awiri: oyamba sabata yodwala, achiwiri patatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo mlingo ukwere kanayi, mwachitsanzo kuchoka pa 1:64 kufika pa 1:256. Labotale yodziwa ntchito imapatula madzi achikasu a magazi oyambawo tsiku lomwelo, kuwaumitsa pa madigiri 20 pansi pa ziro, n'kudzawayeza limodzi ndi achiwiri. Magazi athunthu akaumitsidwa osapatula, maselo amaphulika n'kuwononga zonse. Labotale imene ikukugulitsani serologia imodzi osakupatsani tsiku lobweranso yakugulitsani theka la ntchito pa mtengo wathunthu.

Mankhwala sachotsa ma antibody amene apangidwa kale. Wodwala wa masabata asanu amene wayamba doxycycline dzulo akhoza kuyezedwa lero popanda vuto. Pa chifukwa chomwecho, serologia singakuuzeni kuti mwachira, popeza IgG imakhala miyezi kapena zaka. Kubwereza mwezi ndi mwezi kudikira kuti itsike, kapena kuwonjezera doxycycline chifukwa ikadalipo, palibe phindu.

Weil-Felix mukaiona pa mndandanda wa mitengo, idumpheni. Ndi njira ya mu 1916 yogwiritsa ntchito bakiteriya wina, Proteus, ndipo imalakwitsa mbali zonse ziwiri.

Pali matenda amodzi a nkhupakupa amene sayenera kulowa pawindo la labotale wamba mwakachetechete. Munthu amene analumidwa kapena anasenda nyama, patatha masiku ochepa akutentha thupi ndipo akutuluka kamfuno, magazi m'nkhama kapena mabala akuda pakhungu, akhoza kukhala ndi Crimean-Congo, matenda a vairasi ofala ndi nkhupakupa ya Hyalomma, odziwika ku South Africa kuyambira 1981. Makapisozi sagwira, ndipo magazi ake amapatsira woyeza. Wotereyu apite kuchipatala chachikulu n'kunena za nkhupakupayo pakhomo pomwe. Zoyeza za mtundu umenewu zimadutsa m'manja mwa boma ndi Instituto Nacional de Saúde ku Marracuene.

Za Lyme

Wofufuza pa intaneti za nkhupakupa ndi magazi amagwera pa Lyme, ndipo malabotale otumiza kunja amakhala nayo pa mndandanda. Matendawa anadziwika m'tauni ya Lyme ku Connecticut mu 1975, ndipo bakiteriya wake, Borrelia burgdorferi, anatchulidwa dzina la Willy Burgdorfer amene anamupeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Amafala ndi nkhupakupa za Ixodes ku North America, ku Europe ndi mbali zina za Asia. Kuyeza kwake ndi kwa ma antibody, m'magawo awiri, loyamba ELISA kenako lina lotsimikizira, ndipo malamulo ake ndi omwe aja: masabata oyambirira kumatuluka kopanda kanthu, mankhwala oyambidwa msanga amatha kulepheretsa ma antibody kukwera, ndipo amene akwera kale amakhala zaka. Wogwira ntchito ku migodi ya ku Moatize amene wangobwera kumene kuchokera ku Germany kapena ku United States ali ndi chifukwa choyezetsa. Wa ku Mpenha amene sanatulukepo m'chigawo alibe. Choipa kwambiri n'chakuti Borrelia wa nkhufi ndi wa Lyme ndi pachibale, ndipo bakiteriya wa chindoko ndi msuweni wawo, choncho ELISA imatha kuyaka chifukwa cha nkhufi kapena chindoko chakale. Munthu amabwerera ndi dzina la matenda a kutsidya la nyanja, pomwe choyambitsa chili m'mng'alu kuseri kwa mphasa yake.

Musanapereke ndalama pa kauntala, funsani kuti akuyeza kachilombo kapena ma antibody, kabotolo kakupita kuti ndipo kanyamuka liti, komanso ngati alemba papepala mankhwala amene mukumwa ndi tsiku limene munayamba. Wolandira ndalama akalephera kuyankha, pemphani kuti aitane woyeza mwiniwake. Ngati muli pa tsiku lachisanu la doxycycline, thupi lazizira ndipo kachilonda kulibe, palibe chimene angayeze lero chimene chingasinthe mankhwala anu. Malizani mapiritsi, ndi kapu yodzaza madzi, osagona pansi kwa theka la ola mutamwa, osaphatikiza ndi mkaka kapena mapiritsi owonjezera magazi pa nthawi imodzi. Ndalama ya serologia isungidwe ya chapa yodzabwera pa sabata yachinayi. Thupi likatenthanso isanafike nthawiyo, pitani tsiku lomwelo ku maikulosikopu imene ili pafupi, musanameze kapisozi aliyense, ndipo onetsetsani kuti mawu akuti Borrelia alembedwa papepala lopita kulabotale.